PA BENCHI: Sikelo ya Kamuzu ndi sikelo ya matipate

Lachiwiri lapitali mvula inanditsekereza pa benchi ya mayi wina amene ndimagulako nyemba. Moyandikana naye pamakhala mdala wina wa misomali, mahinjesi ndi maloko, munthu woti anayamba geni ambiri a inu musanabadwe. Nkhani inayambira pa mtengo wa shuga, monga mwa nthawi zonse, koma posakhalitsa inali itafika kale pa Kamuzu. Mdala uja anati za matipatezi iye zamukwana. Akuti nthawi ya Ngwazi ndalama inali ndi mphamvu, mbava zinkaopa, msika unkasesedwa mbee, ndipo mwana akakumana ndi wamkulu ankapatuka. Anatsekera ndi mawu aja tonse timawadziwa, oti demokalase si ndiwo, sadyera nsima.

Mayi wa nyemba sanakangane nawo. Anangofunsa mwaulemu kuti, "Nanga madala, khadi munkalisunga pati?" Mdala anaseka n'kumenya pa thumba la malaya. Kenaka kunabwera kasitomala wofuna loko, nkhani n'kuthera panjira. Koma ine yandikhala pamtima sabata yonse, ndiye lero tiyeni tiimalize pano.

Tiyambe ndi pamene mdala akunena zoona, paja munthu wamkulu sitimutsutsa pa zimene anaona ndi maso ake. Kwacha inalidi ndalama. Kumayambiriro kwa 1994 dola imodzi ya ku America inkagulidwa pafupifupi K4.50, koma pofika Disembala chaka chomwecho inali itadutsa K15. Kungoti tisaiwale kuti kwachayo anaimasula mu Febuluwale, boma likadali la Kongeresi, Muluzi asanalowe. Chiyambire pamenepo yakhala ikungotsetsereka. Mu Meyi 2012 anaigwetsa, mu Meyi 2022 anaidula ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kuidulanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Inu a kaunjika simufuna munthu wokumasulirani zimenezi. Unagona uli ndi mpamba wa mabelo awiri, kudzuka uli ndi wa belo limodzi, chonsecho loko ali chitsekere, palibe wathyola. Ndiye wolira Kamuzu si wamisala ayi, pali chimene chikumupweteka.

Koma wamalonda weniweni akaona katundu wotchipa kwambiri amayamba wafunsa kuti wachokera kuti. Chimanga ndi mtedza zinkatchipa m'tauni chifukwa kumudzi wogula wamkulu anali mmodzi, ADMARC, ndipo mtengo unkachokera kumwamba, mlimi wosaikapo mlomo. Mu 1987 ndi pamene boma linayamba kupereka ziphaso kwa amalonda wamba kuti azigula mbewu kwa alimi, geni yomwe lero mukudyera inu opikula nyemba ku Dedza ndi mtedza ku Mchinji. Fodya wa bale, uja wa ndalama, mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima mpaka cha mu 1990. Anali wa eni maesiteti, ndipo ambiri mwa eni maesitetiwo anali omwe aja okhala pafupi ndi mphika. Phindu limene ADMARC inkapeza pa thukuta la alimi, lina linkakathera ku maesiteti komanso ku kampani ya Press, ya mwini wake Ngwazi, yomwenso inali mwini wa sitolo za PTC. Choncho mdala wathu akamadya nsima yotchipa m'tauni, amene ankamulipirira anali mlongo wake wa kumudzi, iye wosadziwa.

Pa misonkhano tinkauzidwa kuti m'Malawi aliyense akudya, akuvala, akugona m'nyumba yosadontha. Kutchula njala kunali kunyoza boma. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Sindikunena kuti ndi voti yokha inatsitsa nambalayi, katemera, masikito ndi ndalama za maiko othandiza zinagwira ntchito yaikulu. Ndikungoti tikamakumbuka buledi wotchipa, tizikumbukanso timanda ting'onoting'ono tija tinadzaza kumasano.

Tsopano khadi lija. Inu amene munabadwa matipate itabwera kale, kafunseni amayi anu. Pa geti la msika, pa depoti ya basi, nthawi zina mpaka pa chipatala, pankaima ayufi a malaya ofiira. Wopanda khadi la chipani cha Kongeresi sankalowa, kaya wasenza dengu la matimati oti pofika mawa aola, zimenezo n'zake. Amayi ena ankagulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana wa kumsana, ena mpaka la mwana woti akadali m'mimba. Ngwazi ikamabwera kudzayendera mbewu geni inkaima, amayi n'kukwezedwa m'malole kukavina, ndipo pamwamba pake pankasonkhedwa mphatso, mazira, nkhuku, ndalama. Palibe amene ankakufunsa kuti tsiku limenelo waluza zingati. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichilola khadi la chipani, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba, kuchotsedwa ntchito, zikwizikwi n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, minda ndi mabizinesi n'kuzisiya m'mbuyo.

Panalinso lamulo la 1966 lolanda katundu, lija ankati Forfeiture Act. Boma likangonena kuti uje akusokoneza chuma kapena chitetezo cha dziko, nyumba, golosale, galimoto, zonse zinkapita, ndipo kukhoti kunalibe polowera. M'zaka za m'ma 1970 Amwenye a masitolo a kumidzi analamulidwa kuti asamukire m'matauni. Ena anaombera m'manja poganiza kuti mwayi wawagwera, koma ambiri mwa masitolo aja anangosanduka mabwinja. Nanga munthu woti angathe kutseka sitolo ya Mmwenye ndi mawu amodzi, benchi yanu ya matabwa ingamuvute?

Za mbava nazo tizione bwino. Zoona, wakuba nkhuku ankaopa apayoniya. Koma nanga wakuba ng'ombe ankaopa ndani? Nyuzipepala zikuluzikulu zinali Daily Times ndi Malawi News, zonse za kampani ya Ngwazi yomweyo. Wailesi inali imodzi, MBC. Ya kanema kunalibe mpaka 1999. Ndiye tikamati nthawi imene ija kunalibe katangale, chimene tikutanthauza n'choti sitinamumve. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Panapita zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza, lomwe linakhazikitsidwa matipate itabwera, linene poyera kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi. Kamuzu ndi John Tembo anazengedwa mlandu ndipo khoti linawapeza osalakwa mu Disembala 1995, izinso tinene kuti tisabere sikelo. Koma taganizani, ngati nduna yathunthu inkatha kusowa motero, mayi wa nyemba atamulanda benchi akanakadandaula kwa yani? Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Kongeresi chomwecho, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

N'chifukwa chake maepiskopi Achikatolika atawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu anaimva ngati mvula yoyamba. Mu Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pabwalo pomwepo. Mu Meyi ogwira ntchito ku David Whitehead ananyanyala, chipolowe n'kufalikira mu Blantyre, anthu makumimakumi n'kuphedwa. Pa 14 Juni 1993 anatiikira nyali ndi tambala wakuda kuti tisankhe, ndipo anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse anasankha nyali. Amenewo sanali ana a masiku ano ayi. Anali anthu omwe aja anadya buledi wotchipa, a msinkhu wa mdala wathu wa maloko.

Kusiyana kwa maulamuliro awiriwa ine ndimakuonera pa sikelo. Tonse tikudziwa kuti pali sikelo zina zimaba, pali ndowa yomenyedwa kunsi, pali mulu wa matimati woti abwino ali pamwamba pokha. M'mudzi mokhala golosale imodzi, mwini wake akakuyezera shuga wosakwana umangolandira n'kuthokoza, chifukwa mawa mchere ukagula komweko. Ukati ukadandaule, upeza kuti mwini golosaleyo ndi yemwenso mfumu, ndi yemwenso wapolisi, ndi yemwenso woweruza. Mumsika waukulu ngati wa Limbe kapena wa Lilongwe namonso akuba sasowa, mwinanso ndi ochuluka kuposa kumudzi kuja. Koma ukamugwira umakuwa, anthu n'kusonkhana, katundu n'kukayezedwanso pa sikelo ya wina, ndipo mawa ndalama yako umakaisiya pa benchi ina. Ulamuliro wa munthu mmodzi ndi golosale ya m'mudzi ija. Matipate ndi msika wa Limbe, phokoso, matope, opisa m'thumba, zonse zilimo.

Ndipo zilimodi, sindinabwere kudzaidzoza mafuta matipate. Mu 2002 anthu anafa ndi njala, ena akudya mizu ndi madeya, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Pa ziwonetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi, pansi pa Bingu wa Mutharika, pulezidenti woti anali atapambana ndi mavoti ochuluka zedi mu 2009. Mu 2013 kunaphulika Cashgate, mabiliyoni akutuluka ku Capital Hill, ndalama zina kupezeka m'mabuti a galimoto, kuchipatala akukuuza kuti ukagule wekha mankhwala. Zonsezi zachitika mu demokalase, ndipo amene anataya m'bale wake mu 2011 simungamuuze kuti chipolopolo cha matipate chimawawa pang'ono.

Koma funsani kuti tinazidziwa bwanji, ndipo zinathera pati. Za Cashgate tinkaziwerenga m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku, pa mawailesi anthu ankaimba mafoni kutukwana, ena mwa akubawo analowa m'ndende, ndipo chaka chotsatira Joyce Banda anakhala wachitatu pa chisankho n'kulongedza. Werengani nokha. Kamuzu mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, Lazarus Chakwera mu 2025. Apulezidenti anayi, aliyense ali pampando, asilikali ndi apolisi ali m'manja mwake, kutsitsidwa ndi kapepala koponyedwa ndi inu nomwe a mabenchi. Bakili Muluzi atafuna kuti aimenso kachitatu, mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a materemu inaperewera mavoti atatu okha m'Nyumba ya Malamulo. Chisankho cha 2019 chija cha Tippex, majaji asanu anachikana pa 3 Febuluwale 2020 n'kulamula kuti katundu ayezedwenso. Pomwe kuchokera pa ufulu wodzilamulira mu 1964, Mmalawi sanaponyepo voti ya pulezidenti mpaka pa 17 Meyi 1994. Zaka 30, ndipo kuyambira 1971 mpandowo unkatchedwa wamuyaya.

Wina ati, nanga taphulapo chiyani poti amene tinamuchotsa mu 2020 ndi yemwe tinamubwezera mu 2025? Funso labwino limenelo, ndipo limaonetsa kuti mabenchi a ndale kwathu kuno ndi ochepa, katundu wake n'ngofanana, ogulitsa ake ndi omweomwewo ongosintha malaya. Komabe inu nomwe mumatero. Umamusiya Mmwenye amene umaodako, kuyesa wina, kupeza kuti uyu ndiye wanyanya, n'kubwerera kwa woyamba uja. Ukabwerera chotero amakulandira mosiyana, chifukwa wadziwa kuti miyendo uli nayo.

Anyamata ena okhalira pa foni amati ife tikufunika mtsogoleri wa dzanja lolimba ngati Paul Kagame wa ku Rwanda, taonani mmene Kigali ikuwalira. Zoona, misewu ya Kigali ndi yaukhondo. Koma inu mavenda dzifunseni kuti pa chithunzi choyeracho inu mukanakhala pati. Kugulitsa m'misewu n'koletsedwa kumeneko, ndipo mu 2015 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena kuti ogulitsa m'misewu ankagwidwa n'kukatsekeredwa pa malo ena ku Gikondo popanda kuonekera kukhoti. Pafupi pompano ku Zimbabwe, mu Meyi 2005 boma la Robert Mugabe linayambitsa Murambatsvina, ati kuchotsa nyansi m'matauni. Mabenchi, timashopu ta m'mbali mwa msewu, nyumba zomangidwa kuseri kwa nyumba zinzake, zonse zinagumulidwa. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka wa ku Tanzania, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pogona kapena podyera. Pakati pawo panali ana ndi adzukulu a Amalawi amene anapita kumeneko kalekale kukagwira ntchito, anthu oti ngakhale mudzi wothawirako analibe. Izi zinachitika patangopita miyezi iwiri chichitikireni chisankho cha aphungu chimene anthu a m'matauni anavotera otsutsa. Ndiye bokosi la voti lokha lisakunamizeni. Ku Zimbabwe ankavota ndithu, koma sikelo inkagona kuchipinda kwa Mugabe.

Kwathu kunonso tinaona Dongosolo mu 2006, Bingu atalamula kuti mavenda achoke m'misewu. Utsi wokhetsa misozi unafuka, katundu anatayika, ndipo amene munalipo simunaiwale. Koma taonani za mu Febuluwale 2025, pamene ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anasiya mabenchi n'kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mabelo. Mawailesi anaulutsa, zithunzi zinazungulira m'mafoni dziko lonse, ndipo patapita miyezi isanu ndi iwiri, pa 16 Seputembala, anthu otopa ndi mitengo anakayankhula m'bokosi. Tayerekezani kuguba koteroko mu 1985, mukanafika pa mphambano yachiwiri?

Pali mbali ina imene mdala ndi mayi aja sanafikepo, ndipo ndi imene ikundivuta kwambiri ine. Ka Ngwazi kakang'ono kali mwa ife tomwe. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linathetsedwa matipate ikubwera. Koma mu Januwale 2012, m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre amayi ankavulidwa poyera chifukwa cha thalauza, ndipo amene ankalozedwa chala anali mavenda. Si onse ayi, ambiri a inu munanyansidwa nazo. Koma amene anachitawo panalibe wa yufi wowatuma, panalibe lamulo lowalola. Anangomva kukoma kukhala apayoniya kwa tsiku limodzi, pa amayi omwewo amene amatigula.

Ndiye bwerani ku makomiti athu a m'misika. Pali msika wina umene ndimaudziwa bwino, sindiutchula, woti mwana amene anabadwa chaka chimene tcheyamani wake anasankhidwa pano ali ku sekondale. Chisankho china sichinachitikenso. Ndi iye wogawa malo, ndi iye wosunga ndalama za maliro ndi za mlonda, ndi iye woweruza anthu akayambana pa malire a benchi, ndipo boma likasintha iye amangosintha mtundu wa kapu. Wofunsa za buku la ndalama amatchedwa wamwano, mawa lake n'kupeza malo ake apatsidwa kwa mlamu wa tcheyamani. Anthu omwe aja amatukwana pulezidenti mokweza mu minibasi, akafika pamaso pa tcheyamani amapinda manja kumbuyo, "wawa bwana". Eti kugwetsa apulezidenti anayi tinatha, koma munthu mmodzi wa kaundula wa mabenchi watikanika.

Dzulo ndinabwereranso kwa mayi wa nyemba uja, n'kumufunsa kuti komiti ya pa msika wawo inasankhidwa liti. Anayamba kuwerenga zala, n'kusiya, n'kuyang'ana uku ndi uku asanayankhe, ndendende mmene amayi athu ankachitira asanatchule dzina la Ngwazi. Akuti Loweruka likudzali kuli msonkhano wa ogulitsa onse, ndipo iye akufuna akafunse za ndalama za maliro zimene amasonkha sabata ndi sabata, koma akuopa kuimirira yekha. Tili mkati mokamba, mdala wa maloko anasiya kasitomala n'kusendera pafupi. "Mayi, musaope, ndikaimirira nanu," anatero. Akuti nayenso wakhala akusonkha zaka zonsezi, koma akazi ake atamwalira chaka chatha, ku komiti kunangochokera thumba limodzi la ufa ndi pepani. Ine ndikakhala kumbuyo ndi kope langa, ndipo zimene zikatuluke m'bukumo muzimva pa benchi pano sabata ya mawa.